Phala la Mwana kwa Mpanshya

Munthu wocoka ku Lusaka kulowera kum'mawa pa mseu waukulu wa ku Chipata, akapitirira Chongwe ndi akasupe otentha a ku Chinyunyu, amayamba kukwera ndi kutsika mapiri a miyala okutidwa ndi mitengo ya mombo ndi masuku. Atayenda mamailosi oposa 100, asanatsikire ku mlatho wa Luangwa, amafika m'dziko la Mfumu Mpanshya, mmodzi wa mafumu a Asoli m'boma la Rufunsa. Boma limeneli ndi latsopano, pakuti linapatulidwa ku Chongwe m'caka ca 2012, koma midzi yace ndi yakalekale. Mbiri ya maiko kawirikawiri imasimba za mafumu ndi nkhondo zao. Mbiri ino ndi ya mtondo ndi mphika: isimba cimene mai wa kwa Mpanshya anali kuika m'kamwa mwa mwana wace ali bwino ndiponso akadwala, ndi m'mene zimenezi zinasinthira m'kupita kwa zaka.

Munda wa makolo

Pa cilankhulo Asoli ndi abale a Alenje, Aila ndi Atonga, ndipo mwana amatsata pfuko la amace. Kum'mawa kwao kuli Ansenga ndi Acikunda a m'cigwa ca Luangwa, ndipo cifukwa ca maukwati, malonda ndi mseu, Cinyanja cimamveka m'midzi pamodzi ndi Cisoli. M'nkhalango zao munali kashembe, nchenche yoluma imene imapha ng'ombe. Motero mkaka wa ng'ombe umene unali kulera ana a Aila ndi Atonga kuno sunali kupezeka. Mwana akaleka bere, moyo wace unali m'phala.

Nsima ya makolo inali ya mapira ndi mawere, mbeu zopirira dzuwa. Koma munda sunali wa mbeu imodzi. Pakati pa mapira panali kuyanga khobwe ndi maungu, m'mphepete munali nzama ndi citowe, ndipo bonongwe, luni ndi therere zinali kumera zokha osazulidwa. Pa nyengo ya mvula amai anali kufutsa masamba a maungu ndi a khobwe, nawayanika padzuwa, nawakulunga m'zikwatu za masamba a msuku, kuti pa cirimwe banja lisasowe ndiwo. Chire nalo linali nkhokwe yaciwiri. Masuku amapsa mvula ikamayamba, nthawi yomwe nkhokwe za pa khomo zayamba kupepuka. Bowa, inswa ndi mphalabungu zimatsatira. Pa cirimwe pali mbewa ndi uci, ndipo ku cigwa kunali kucokera masau, bwemba, malambe ndi nsomba zouma.

Si bwino kuganiza kuti masiku amenewo anali a mtendere wokhawokha. Cilala ndi dzombe zinali kudzetsa njala, nthomba ndi cikuku zinali kusesa midzi, ndipo amai ambiri anaika m'manda theka la ana ao. Koma pa caka cabwino mbale ya mwana inali ndi zinthu zamitundumitundu, ndipo cosowa m'cakudya cimodzi cinali kupezeka m'cinzace.

Mbeu zacilendo

Pa mathiriro a Luangwa, patsidya pa Feira, Apwitikizi anali ndi msika wao wa Zumbo kuyambira zaka za m'ma 1700. M'njira za malonda zotere, pamodzi ndi nsaru ndi mikanda, munalowa mbeu zocokera ku America: cimanga, nsawa, cinangwa, mbatata, mapapaya ndi magwafa. Lero mbeuzi zimaoneka ngati za makolo, koma zonse ndi alendo.

Mwa alendo amenewa, nsawa, imene ena amati mtedza, ndiyo inakhala dalitso lalikulu kwa ana. Iri ndi mafuta ndiponso zomanga thupi, imasungika bwino m'makoko ace, ndipo ikasinjidwa imalowa m'ndiwo ndi m'phala momwe. Cimanga poyamba cinali ca m'madimba ndi pa zulu, codya caciwisi pothyola njala mapira asanace. Koma cinali ndi zokoma zimene alimi sanacedwe kuziona: cimaca msanga, ndipo popeza ngala yace yabvala makoko, mbalame sizicibvuta monga zibvutira mapira, amene afuna ana kukhala pa nsanja tsiku lonse kuingitsa mpheta.

Nzeru ya cimera ndi munkoyo

Mimba ya mwana wa caka cimodzi ndi yaing'ono, yosapambana kapu imodzi. Phala lolimba sangathe kulimeza, ndipo phala losungunula ndi madzi ambiri limadzaza mimba koma osampatsa mphamvu. Amai akale anali ndi njira yace. Anali kubviika mawere kapena mapira, nawafunditsa mpaka atamera, nawayanika ndi kuwapera. Ufa umenewu, ndiwo cimera, ukathiridwa pang'ono m'phala lolimba lofunda, phala limasungunuka lokha ndi kuzuna popanda kuonjeza madzi. Asoli, Alenje ndi Alamba ali ndi njira inanso: amasasantha muzu wa munkoyo nauika m'phala la cimanga, ndipo umacita nchito yomweyo. M'mawa mwace cakumwaco cimakhala cowawasa pang'ono, cokoma kwa wamkulu ndi mwana yemwe, malinga cisanagonere masiku ambiri ndi kusanduka mowa.

M'zaka za m'ma 1980 akatswiri a zakudya ku Tanzania anayesa cimera, cimene kumeneko amati kimea, napeza kuti mbeu ikamamera imapanga mphamvu yophwanya ufa kuusandutsa shuga, kotero kuti mwana angathe kumwa ufa wocuruka kawiri kapena katatu m'kapu yomweyo. Ena anapezanso kuti m'phala lowawasa tizirombo totsegula m'mimba sitiswana msanga monga m'phala lozizira logonera. Akuru anati mau a akuru akoma akagonera. Apa anagonera zaka mazana asanabvomerezedwe ndi anthu a sukulu.

Mankhwala a agogo

Pa banja laling'ono sing'anga woyamba anali agogo akazi. Iwo ndi azamba ndiwo anali kudula mcombo, kusambitsa khanda m'madzi a mizu kuti likhwime, ndi kulimanga kamkuzi m'ciuno. Kamkuzi kameneka kanali ndi phindu limene mwina eni ace sanali kulichula: kakayamba kukhwepa, mai anali kudziwa kuti mwana alikuonda, pakuti sikelo kunalibe. Wa cimfine anali kufukizidwa nthunzi ya masamba owiritsa atafunda nsaru. Wa cifuwa anali kupatsidwa uci. Wotsegula m'mimba anali kumwa madzi a makungwa kapena a masamba a gwafa. Wosowa cilakolako ca kudya anali kumpangira phala la malambe kapena la bwemba. Nthenda ikakula ndipo anthu anali kupita kwa sing'anga weniweni, amene kuwonjezera pa mizu anali kufunafuna amene wacititsa.

Ena mwa mankhwalawa anali othandizadi. Ena sanali kuciza kapena kupweteka, koma anali kukhazika mtima wa mai pansi pamene thupi la mwana linali kudziciza lokha. Koma analipo ena amene anataitsa miyoyo, ndipo za iwo zidzamveka kutsogoloku.

Msonkho, migodi ndi cigayo

Kuciyambi kwa zaka za m'ma 1900 boma la British South Africa Company linaika msonkho wa ndalama, ndipo ndalama zinali kupezeka kwa Azungu okha. Njanji inafika pa Lusaka m'caka ca 1905 ndi pa Broken Hill, pamene lero pachedwa Kabwe, m'caka ca 1906. Anyamata anayamba kucoka m'midzi kunka ku migodi, ku mapulazi a m'mbali mwa njanji ndi ku Southern Rhodesia. Mlatho woyamba wa pa Luangwa utamangidwa m'caka ca 1932, ndipo Lusaka atakhala likuru la dziko m'caka ca 1935, mseu wodzera kwa Mpanshya unakhala ngati mtsinje wotenga amuna. Audrey Richards, amene anakhala pakati pa Abemba nasindikiza buku lace la minda ndi zakudya m'caka ca 1939, anaona kumeneko cimene cinali kucitikanso m'madera ena ambiri: mwamuna akacoka, nchito yonse igwera mkazi, ndipo mkazi wotopa ndi khasu, nkhuni, madzi ndi mtondo nthawi zina amagona osaphika ndiwo ngakhale zilipo.

Amuna aja ku nchito anali kulandira phoso la ufa wa cimanga, ndipo pobwera kwao anadza ndi mkamwa mozolowera nsima yoyera. Ana atayamba sukulu, osowa oingitsa mbalame anacepetsa mapira. Zambia atalandira ufulu m'caka ca 1964, boma linalimbikitsa cimanga koposa kale: linafalitsa mbeu za haibridi monga SR52, linatsitsa mtengo wa feteleza, ndipo bungwe la NAMBOARD, lokhazikitsidwa m'caka ca 1969, linali kugula cimanga pa mtengo umodzi m'dziko lonse. Mlimi wanzeru anabzala cimene cinali ndi msika. Cigayo cinapumitsa amai ku mtondo ndi mphero, ndipo ici cinali cifundo cacikuru. Koma mawere, nzama ndi citowe zinayamba kusowa, ndipo m'nyumba zambiri cimera cinatsala ca mowa cokha.

Cimanga pacokha si coipa, koma si cokwanira. Cikakonoledwa, kubviikidwa ndi kusinjidwa kuti ufa uyere mbee, gaga ndi mtima wa njere, m'mene muli mafuta ndi mavitamini, zimapita kwa nkhuku ndi nkhumba. Anthu odya cimanga cokha amagwidwa ndi nthenda ya pellagra, yosupula khungu pa khosi ndi pa manja, yotsegula m'mimba ndi kusokoneza mutu. Umboni wace unaoneka ku Malawi m'caka ca 1990: nsawa itasowa pa phoso la anthu othawa nkhondo ya ku Mozambique, anthu oposa 17,000 anadwala nthendayi m'miyezi yowerengeka.

Nthenda ya mwana wolandidwa bere

Panali nthenda ina imene amai onse anali kuiopa. Mwana wa caka cimodzi kapena ziwiri amayamba kunyentchera ndi kukana cakudya. Mapazi ndi masaya zimatupa, tsitsi limafiira ndi kulekana, ndipo khungu limasupuka. Acewa amaicha tsempho kapena mdulo, ndi kunena kuti atate kapena amai a mwanayo sanadzisunge pa nthawi yoletsedwa, kapena kuti munthu wotentha anathira mcere m'ndiwo. Maukwati ambiri anagwedezeka pa mlandu umenewu, mwana ali kufooka pa mphasa.

M'caka ca 1933 dotolo wamkazi, Cicely Williams, amene anali kugwira nchito ku Gold Coast, dziko limene lero ndi Ghana, analongosola nthenda yomweyi mwa ana oleredwa ndi phala la cimanga lokha, ndipo m'caka ca 1935 anailemba ndi dzina limene anthu a mtundu wa Ga anali kuicha, kwashiorkor, ndiye kuti nthenda imene mwana amadwala mnzace akabadwa. Apa pali cinthu coyenera kucilingalira. Mwambo wa makolo woti mwamuna ndi mkazi atalikirane mwana ali wakhanda unali kuteteza bere la mwanayo, pakuti mimba yamsanga ndiyo inali kumcotsa ku bere asanakhwime. Makolo anaona bwino kuti nthenda imatsata mimba yatsopano, koma cifukwa cace anaciika pa cimo, pamene cinali m'mbale. Mankhwala ace sanali mizu yotsirika, koma phala lothira nsinjiro, dzira, nsomba yosinja kapena nyemba, lopatsidwa kanai kapena kasanu pa tsiku m'mbale ya mwana yekha.

Cipatala cifika

Ansembe a Cijezuiti atapitikitsidwa m'dziko la Apwitikizi m'caka ca 1910, anaoloka Luangwa namanga misyoni ku Kapoche ndi ku Katondwe, ndipo ambiri mwa amene anagwira nchito m'cigawo cimeneci pambuyo pace anali a ku Poland. Kwa Mpanshya kunamangidwa cipatala ca St Luke ca Mpingo wa Katolika, cosungidwa ndi masisitere a St Charles Borromeo, ndipo pambali pace pali sukulu ya anamwino. Boma nalo linakhazikitsa bungwe loyang'anira zakudya, National Food and Nutrition Commission, m'caka ca 1967, ndipo sikelo ya ana osafika zaka zisanu, ndi khadi lace lolembapo kulemera kwa mwana mwezi ndi mwezi, inalowa m'malo mwa kamkuzi ka m'ciuno.

Cipatala sicinathetse mankhwala a pa khomo, koma cinawapeta monga mai apeta mphale, ndipo zina zinagwa pansi ngati gaga. Coyamba ndi ca mcombo. Phulusa, mwaye kapena dothi lopaka pa cironda ca mcombo, ndi mpeni wosawiritsa, ndizo zinali kulowetsa kafumbata, nthenda youmitsa nsagwada imene inali kupha makanda sabata yoyamba kapena yaciwiri. Katemera wa amai apakati ndi kubadwira m'manja oyera zinaicepetsa kwambiri.

Caciwiri ndi ca liwombo. Mwana wotsegula m'mimba liwombo lace limalowa, ndipo agogo anali kumata mankhwala pamutu kapena kukankha m'kamwa ndi cala kuti likwere. Koma liwombo silidwala; limalowa cifukwa madzi atha m'thupi, monga dzungu lifota likasowa mvula. Mankhwala ace anapezeka kutali. M'caka ca 1971, kolera itabuka pakati pa anthu othawa nkhondo ya ku Bangladesh, dotolo wa ku India, Dilip Mahalanabis, posowa madzi a m'mitsempha anamwetsa odwala madzi a shuga ndi mcere, ndipo akufa anacepa kucokera pa 30 mwa 100 kufika pa osakwana 4. Lero mapaketi ace, amene ambiri amati madzi a moyo, amapezeka pa cipatala pamodzi ndi mibulu ya zinki; ndipo kumene paketi kulibe, lita imodzi ya madzi owiritsa, masupuni aang'ono 6 a shuga osasefukira ndi theka la supuni yaing'ono ya mcere zimasunga mwana pa njira yonka ku cipatala. Mwa mankhwala onse opangidwa pa khomo palibe amene anapulumutsa ana ambiri kuposa amenewa.

Cacitatu ndi ca malungo. Masamba owawa a nimu, mtengo wocokera ku India, ndi mizu ina yowawa anthu amaikhulupirira, koma mwana wotentha thupi amene acedwetsedwa nazo masiku awiri angathe kukomoka ndi kutha magazi. Komatu mankhwala a malungo a ku cipatala nawonso anacokera ku mitengo. Kwinini, amene David Livingstone anali kudalira pa maulendo ace, ndipo anaoloka Luangwa pafupi ndi Zumbo m'caka ca 1856, ndi wa makungwa a mtengo wa ku South America. Coartem, amene Zambia anayamba kugwiritsa nchito m'caka ca 2003 klorokwini atatha mphamvu, muli mankhwala a citsamba ca ku China amene mai wina, Tu Youyou, ndi anzace anawapatula m'caka ca 1972. Kusiyana kwace ndi kwakuti awa anayesedwa, ndipo muyeso wace wa mwana ndi wa wamkuru udziwika, pamene mphika wa mizu lero ucepa mphamvu, mawa upyola.

Zina zinatsala m'licero. Uci ndi mandimu m'madzi ofunda zimafewetsadi cifuwa, koma uci suyenera kwa khanda losakwana caka, cifukwa nthawi zina muli tizirombo timene matumbo ace sangalimbane nato. Malambe ndi masau ali ndi vitamini C wambiri. Masamba obiriwira, maungu, mapapaya ndi mbatata yofiira m'kati zimateteza maso ndi kulimbitsa thupi, makamaka zikaphikidwa ndi nsinjiro, pakuti vitamini A amalowa bwino m'thupi pamodzi ndi mafuta. Koma cidulo kapena soda wocuruka m'therere amaononga mavitamini ena. Mkaka woyamba wacikasu, umene ena anali kuufinyira pansi poyesa kuti ndi woipa, ndiwo katemera woyamba wa mwana, ndipo kuyambira 2001 bungwe la World Health Organization limalangiza bere lokha, popanda madzi kapena phala, kwa miyezi 6.

Masiku ano

Boma layesa kubwezera m'zakudya za m'sitolo zimene zinatayika m'munda. Mcere umathiridwa ayodini woletsa cotupa ca pakhosi, shuga anayamba kuthiridwa vitamini A m'caka ca 1998, ndipo m'caka ca 2012 kunaturutsidwa mbeu ya cimanga cofiirira cokhala ndi vitamini yemweyo. Ngakhale ziri tero, kalembera wa za umoyo wa m'caka ca 2018 anapeza kuti mwa ana 100 osafika zaka zisanu m'Zambia, 35 anali opinimbira. Kupinimbira kumeneku kumayamba mwana ali m'mimba kufikira atakwana zaka ziwiri, ndipo pambuyo pace nkobvuta kukubweza. M'mera mpoyamba.

Cilala ca 1992, pamene anthu anadya cimanga cacikasu ca thandizo, ndi ca 2024, cimene Pulezidenti Hakainde Hichilema anacilengeza kuti ndi tsoka la dziko lonse, zinakumbutsa alimi cimene makolo anali kudziwa, kuti munda wa mbeu imodzi ukapsa, zonse zapsa. Alangizi a zaulimi tsopano alikulimbikitsanso mapira, khobwe, cinangwa ndi mbatata, mbeu zomwe zija zinanyozeka.

Banja laling'ono la kwa Mpanshya lero liri ndi mwai umene agogo ao analibe, pakuti liri ndi nkhokwe ziwiri za nzeru, ya pa mtondo ndi ya pa cipatala. Zofunika pa khomo si zamtengo wapatali: mgaiwa m'malo mwa ufa woyera wokhawokha, thumba la nsawa youma bwino losagulitsa, yosankhidwa kucotsa yacuku cifukwa cuku cimaononga ciwindi, kambale ka cimera, mfutso wa pa cirimwe, nkhuku zingapo zimene mazira ace adya ana, mcere ndi shuga wosungira tsiku la kutsegula m'mimba, ndi sopo wosamba m'manja. Koma pamwamba pa zonsezi pafunika kudziwa malire a mphika. Mwana akatentha thupi, akapuma mofulumira nthiti zikulowa, akakana kuyamwa, akasanza ciriconse, akakomoka, akaturutsa magazi m'cimbudzi kapena akatupa mapazi, nthawi ya mizu ndi masamba yatha. Mai abereke mwana, atate agwire njinga, ndipo anyamuke tsiku lomwelo.